Ukalowe Wekha, Mailesi

Kwa Kalindawalo,
Petauke.

Mwana wanga Mailesi,

Ndakhala kuseri kwa nkhokwe ndi mapepala amene ndapempha kwa aphunzitsi ako a Daka, pensulo ndasongola ndi mpeni wa amayi ako wosendera maungu. Iwe wapita kutsidya kwa dambo kukatsazika amayi ako aang'ono. Ndikanatha kudikira kuti ubwere, tikhale pamphasa ndikuuze ndi pakamwa monga achitira makolo ena. Koma chichokere ku Petauke mwezi watha uja maso anga sakufika pankhope pako. Ukandigwadira ndi madzi osamba m'manja ndimayang'ana m'beseni, ndipo ndikudziwa kuti waona. Ndili ndi manyazi, mwana wanga, manyazi a munthu wamkulu amene satha ndi kugona. Pepala lilibe maso, n'chifukwa chake ndasankha kulankhula nalo. Uliwerenge pawekha ukangobwerako kutsidyako.

Mawa ukwera basi ya ku Foti Jemisoni kukaonekera kwa asisitere a chipatala cha mishoni, kuti akakufunse mafunso aone ngati ungaphunzire unamwino. Aka n'kachiwiri, ndipo ukudziwa kuti kachitatu kulibe. Amalume ako a Sakala ananena pamaso pa tonse kuti ukabwerako chimanjamanja za sukulu zatha, utenge khasu uyembekeze mwamuna monga anzako. Iwo ndiwo eni mbumba, ine ndine mkamwini m'mudzi muno, mawu anga amathera pakhomo pa nyumba yanga. Ndilibe nzeru za munthu amene anapambana. Zimene ndili nazo ndi za munthu amene anagwa, ndipo ndikufuna ndikusonyeze maenje amene ndinagweramo kuti ukawalambalale.

Dzenje loyamba ndinagweramo ku Nyimba, ndisanakwatire amayi ako. Kwathu kwa Mwape, monganso kuno, munthu akakufunsa kuti wakolola bwanji suyankha zoona. Nkhokwe ikhale yodzaza mpaka kudenga, umati watola tochepa, kaya ufika nato Khirisimasi. Wofunsayo amadziwa kuti sukunena zonse, amaseka, nkhani yatha. Ife sitiyesa bodza limenelo. Ndi ulemu, ndiponso ndi mpanda, chifukwa maso a anthu amadwalitsa. Tsono chaka china kunabwera mzungu wa zaulimi, anamanga hema wake ku Nyimba, akufuna anyamata oti akawaphunzitse ulangizi. Ine ndinali ndi Sitandade Fili, ndipo munda wanga wa mtedza anthu ankachita kuima panjira kuuyang'ana. Anandikhazika pampando, womasulira ataima pambali. Atafunsa za zokolola ndinayankha monga ndikanayankhira amalume anga: "Palibe, bwana, njala yekayeka." Atafunsa ngati ndimawerenga, ndinati pang'ono chabe. Atafunsa ngati ndingaphunzitse ena kulima, ndinaseka ndi kunena kuti ine ndine yani kuti ndiphunzitse akuluakulu. Ndinatuluka ndikudziyamikira mumtima kuti ndasonyeza kuti ndinaleredwa. Ntchito anapatsa mnyamata wina amene mbewu yake ya mtedza anadzapempha kwa ine.

Mailesi, m'chipinda chimene ukalowe mkuchamo funso si moni. Akafunsa kuti umadziwa chakuti, akufunadi kudziwa, ndipo chimene ukayankhe n'chimene akalembe. Alibe nthawi yokumba kuti apeze zimene wabisa. Sanakuonepo ukugwira ntchito, sadziwa amayi ako, sanadutsepo pamunda pathu. Chimene ali nacho ndi pakamwa pako basi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ine ndinafera kuuna ku Nyimba ndili ndi nkhokwe yodzaza. Chimene ukudziwa ukanene kuti ukuchidziwa.

Dzenje lachiwiri ndi loseketsa, ndipo amayi ako amalikonda kwambiri, amalifotokoza ngakhale pamaliro. Iwe unali kumsana nthawi imeneyo. Mnzanga Aizeki anali atangobwera kuchokera ku Halale ndi wailesi yosalira ndi nzeru zambiri. Nditamuuza za ku Nyimba anandiseka mpaka misozi. Anati kwa olemba ntchito munthu suyenera kunena kuti sudziwa, chilichonse akafunsa umangovomera, zina ukaphunzirira momwemo. Ku Petauke kunali Mmwenye wa sitolo amene ankafuna munthu wothandiza telala wake pakhonde. Aizeki anandibwereka jekete ndi nsapato. Jekete inali yaikulu, manja anga anasowa m'kati. Nsapato zinali zazing'ono, ndipo pofika pa boma ndinali ndikuyenda ngati ndaponda minga. Mmwenye anandifunsa ngati ndimadziwa makina osokera, ine ndinati kwambiri. Sanatsutse. Anangouza telala kuti anyamuke, ine ndikhalepo. Makinawo ndinali nditawaona kambirimbiri, koma ndinali ndisanawapondepo. Nditaponda anabwerera m'mbuyo, ulusi unapotana, singano inathyoka, nsalu ya diresi la mkazi wa mesenjala inang'ambika pachifuwa. Pakhonde panali anthu, ndipo ena mwa iwo akali moyo. Ndinabwerera kumudzi nsapato zili m'manja.

Pamenepa pali zinthu ziwiri, mwana wanga. Usakanene kuti ukudziwa chimene sudziwa, chifukwa anthu amenewa sachedwa kukukhazika pa makina. Akafunsa za mankhwala kapena za m'thupi zimene sunaphunzire, ukati sunaphunzire koma uli wokonzeka kuphunzira. Akufuna wophunzira, sakufuna dokotala. Chachiwiri n'chakuti ukavale zako. Ndamva kuti Esinati, mwana wa amalume ako, akufuna kukubwereka nsapato zake zazitali zija. Umuthokoze bwino, koma ukavale zansalu zako zoyera, uzitsuke lero ziume. Munthu amene zala zikumuwawa samva funso.

Zina zing'onozing'ono ndazifunsa kwa a Daka, chifukwa paine ndekha ndaleka kudzikhulupirira. Ukagone kwa azakhali ako ukangofika, usakayendeyende m'tauni kukaona masitolo. Diresi ukalisitenso, chifukwa m'basi likwinyika, ndipo ukapukute pansi pa simbi kuti makala asakadetse kolala. Satifiketi uiike pakati pa Baibulo, isapindike. Uwenge zikhadabo. A Daka akuti asisitere amayamba kuyang'ana manja asanayang'ane nkhope, popeza manjawo ndi amene adzagwire odwala. M'mawa ukadye, ngakhale mtima uli m'mwamba. Ukafike anthu asanachuluke, ndi bwino kuti iwe udikire iwo. Amayi ako akukonza mtedza wokazinga woti ukapereke kwa asisitere. Ulandire, usawakhumudwitse, koma ukawapatse azakhali ako. Kwathu kulowa kwa wamkulu chimanjamanja n'kupanda mwambo, koma kumeneko mphatso amaiona ngati ukugula malo.

Akakulozera mpando ukakhale pampando, usakagwade kapena kukhala pansi. Ukamayankha ukawayang'ane kumaso. Ndikukudziwa iwe, ukachita mantha dzanja limathamangira kukamwa, chala cha kuphazi chimayamba kulemba pansi. Manja ukawaike pamiyendo, mawu atuluke. Chizungu chawo chikathamanga, ukapemphe kuti abwereze. Safunsa anadya phula. Ndipo funso likabwera usakaope kukhala chete pang'ono uku ukusanja mawu. Chete ameneyo si tsoka. Ine ndi amene ndinamuopa, ndipo ukudziwa chimene ndinachita.

Ndisanafike pamenepo ndinene za dzanja lako lothamangira kukamwalo, chifukwa sunabadwe nalo. Uli wamng'ono unali mwana waphokoso, wofunsa chilichonse, woyankha asanakufunse. Tsiku lina uli Sitandade Wanu unabwera kuchokera kusukulu ukuthamanga, ukufuula kuyambira kumanda kuja mpaka pakati pa mudzi kuti wakhala woyamba, waposa anyamata onse. Pabwalo panali amalume ako ndi akazi awo, ndipo mwana wawo anali atalephera. Ine mtima unadumpha ndi chimwemwe, koma nditaona amalume akowo ndinakumbukira mwambi. Mkamwini asamakule mwendo. Ndinaganiza za mawu amene adzanenedwe tikalowa m'nyumba, ndinaganiza za ana anzeru amene amadwala mosadziwika. Ndinakugwira pamkono ndi kukumenya pakamwa, ndikunena mokweza kuti onse amve kuti mwana wodzitama si wanga. Sunalire. Unangoika dzanja pakamwa. Chaka chotsatira unakhalanso woyamba, ndipo ndinamvera kwa a Daka patapita miyezi. Ndinkati ndikukutchinjiriza. Lero ndikukutuma kuti ukalankhule molimba mtima kwa alendo, ine yemwe amene ndinakutseka pakamwa.

Tsopano ya ku Petauke. Unalipo, koma sunamve mbali yanga, ndipo ndikufuna uimve, osati kuti undikhululukire koma kuti udziwe kuti cholakwa sichinali mwa iwe. Asisitere atabwera kudzaona atsikana amene anakhoza Sitandade Sikisi, makolo ena onse anakhala panja pansi pa mtengo. Dzina lako litaitanidwa ine ndinaona kuti n'chamwano kuti mwana alowe yekha kwa akulu popanda womupereka, ngati mwana wamasiye. Ndinalowa pambuyo pako ndi kukhala pansi pafupi ndi chitseko, chipewa chili pabondo. Sanandithamangitse. M'katimo munali asisitere achizungu aja ndi anesi, mayi wa kwathu konkuno wolankhula Chinsenga. Mafunso oyamba unayankha bwino, ngakhale ine sindinkamva Chizungucho. Kenaka anakufunsa funso lina, iwe unakhala chete. Pambuyo pake ndinamva kuti anafunsa chifukwa chimene ukufunira unamwino, ndipo iwe unkangosanja mawu. Ine ndinaona ngati ukumira. Ndinaomba m'manja ndi kulankhula mawu amene kholo limalankhula popereka mwana wamkazi ku banja.

Ndinati, "Amai, uyu ni mwana chabe, aziŵa lini kanthu. Ni waulesi, ni wamantha, olo kuphika akwanisa lini. Mukamutenga mukamuphunzise mwekha."

Ndinali nditanena m'Chinsenga kuti sudziwa kanthu, ngakhale kuphika sutha. Anesi aja sanatembenukire kwa asisitere. Anandiyang'ana ine, nandifunsa motsitsa mawu, "Atata, nimasulile zonse izi?"

Mayi uja ankanditsegulira njira yothawira, ine sindinaione. Ndinati amasulire. Ndinali ndikuyembekeza yankho limene limabwera nthawi zonse mawu amenewa akanenedwa, lakuti mwanayu ndi wathu, tidzasungana. Paukwati aliyense amadziwa kuti kholo likamanyoza mwana wake ndiye kuti likumunyadira, likungopempha kuti akamusunge bwino. Yankho limenelo silinabwere. Asisitere analemba papepala, kenaka anakufunsa iwe ngati zimene anena atate akozi n'zoona. Ndinali nditakuika pakati, unene zoona uchititse manyazi atate ako pamaso pa alendo, kapena uvomere bodza utaye malo. Unavomera.

Panjinga pobwerera ine ndinali ndisanamvetsebe. Ndinkapalasa ndikuganiza kuti zayenda. Maina atatuluka lako palibe, amayi ako anakufunsa chimene chinachitika, iwe unati mafunso anali ovuta. Unandiphimba, ine ndinalola kuti undiphimbe. Akulu amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma kwathu kuno zatembenuka, wadya ndine, zapota iwe. Akanapanda anesi aja kukumana ndi a Daka pamsika ndi kuwauza, bwenzi nkhani itathera pomwepo. A Daka anabwera kumunda kudzandipeza. Sanandikalipire, anangondifotokozera zimene asisitere anamva, liwu ndi liwu, ine nditatsamira khasu. Ndi iwo amene analemba kalata kufotokoza mwambo wathu ndi kupempha kuti akuonenso. Amayi ako nditawaululira, ndiwo zinakhala zopanda mchere masiku angapo, ndipo sindinadandaule.

Funso lija adzalifunsanso, lakuti chifukwa chiyani ukufuna ntchito imeneyi. Usakayankhe za m'buku. Ukawauze za mlongo wako Lameki, tsiku limene anagwera m'phala lamoto ife tili kumunda. Azimayi a m'mudzi anabwera wina ndi mazira, wina ndi ndowe, wina ndi mafuta a nyali kuti apake pabala. Iwe, kamtsikana, unaima pakhomo n'kuwakaniza. Unamuthira madzi ozizira, unamufunditsa nsalu yochapa monga anakuphunzitsani kusukulu, unamubereka mpaka kumsewu kukaimitsa lole. Adokotala a ku Petauke anati amene anachita zimenezi wapulumutsa mwendo wa mwanayu. Mawu amenewo anauza ine, ndipo sindinakufikitsire. Ukawauzenso za agogo ako m'miyezi yawo yomaliza, pamene ana awo obala ankalowa m'nyumba atagwira mphuno. Amene ankawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuchapa zofunda zawo kudambo unali iwe, ndipo sindinakumvepo ukudandaula. Si kudzitama kunena zimenezi. Zinachitika, ndipo ntchito imene ukukapemphayo ndi yomweyo.

Akakupatsa mpata woti nawenso ufunse, ukafunse. A Daka akuti munthu wopanda funso amaoneka ngati wangoperekeza mnzake. Ukhoza kufunsa kuti maphunziro amayamba liti, kapena zimene wophunzira ayenera kubwera nazo. Za malipiro usakayambe ndiwe. Amuna akumsika masiku ano a boma la Chitaganya cha maiko atatu amakamba zambiri, akuti ntchito zabwino zili ndi eni ake, ife tingotola zotsala. Mwina n'zoona, ine sindidziwa. Koma usakalowe m'chipindamo utagonja kale chifukwa cha nkhani za pamsika. Potuluka ukathokoze, ndipo anesi aja ukawaona ukawapatse moni wanga, ngati angaulandire.

Pali chinthu chimodzi chimene ndachita lero m'mawa iwe uli kumadzi, ndipo ndi bwino uchimve kwa ine usanachimve kwa Esinati. Amalume ako ankaganiza kuti unalephera wekha ku Petauke, n'chifukwa chake anagamula za khasu zija. Ndinapita kwawo. Ndinawapeza pakhonde ndi akazi awo ndi anthu ena akusenda chimanga. Chikhalire m'mudzi muno sindinayambepo nkhani pakhonde limenelo, ndimangovomera za eni ake. Ndinakhala pansi, ndinawauza zonse zimene ndinanena kwa asisitere, ndi kuti iwe unandiphimba. Ndinafuna kulekera pomwepo, koma pakamwa panapitirira pokha. Ndinati, "Mwana wanga ni wanzelu. M'munzi muno palibe mwana wamene aposa Mailesi, na nchito iyi angaikwanise."

Manja onse analeka kusenda. Akazi a amalume ako anayang'ana kumbali. Ine ndinali ndikudikira kuti kaya chigwa n'chiyani. Amalume ako anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Alamu, kansi mukamba?" Anthu anaseka pomva kuti kani mkamwini amalankhula, inenso ndinaseka, chimanga chinayambanso kusendedwa. Mawu awo aja sanawabweze, ndisakunamize. Anati ukalephera ulendo uno ndiye kuti walephera. Koma ndinanyamuka ndi miyendo yanga, ndinafika kunyumba, palibe chimene chinandigwera. Zaka zonsezi ndakhala ndikuopa chinthu chimene chatha ndi kuseka kwa anthu osenda chimanga.

Mawa ndikunyamulira katundu mpaka kumsewu, basi ikabwera ine ndibwerera. Amayi ako amafuna kuti ndikuperekeze mpaka kuchipatala, ndakana, ndipo iwo sanalimbikire. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ukagogode wekha, ukalowe wekha, ukakhale pampando. Tikupempherera kuno, ine ndi amayi ako ndi Lameki.

Chotsiriza ndi ichi, ndipo ngati zonse zapamwambazi uiwale, ichi chokha usaiwale. Asisitere aja ali ndi pepala limene analemba ku Petauke. Akhoza kulitulutsa ndi kukufunsanso ngati zimene ananena atate ako zinali zoona. Ndinakuphunzitsa kuti mwana satsutsa kholo pamaso pa anthu, ndipo unamvera mpaka unataya malo ako. Lamulo limenelo ndinaliika ndine, ndipo lero ndikulichotsa ndine. Ukawayang'ane kumaso, dzanja lili pamwendo, ukawauze kuti atate ako ananama. Ukanditsutse, Mailesi. Ndakuloleza.

Ndine atate ako,
Yohane Njobvu.